Makapisozi a Apongozi

Tinanyamuka pa Benga m'mawa mvula itangokata, ine ndi apongozi anga, bambo a mkazi wanga. Iwo anali ndi kamwazi, ndipo anali atawonda moti thalauza ankalimanga ndi luzi. Mkazi wanga anali wotopa ndi pakati, alamu anga anali kudula nzimbe ku Dwangwa. Choncho ulendo wa kuchipatala cha ku boma unagwera ine mkamwini, munthu amene sindinkadya nawo mbale imodzi, ndipo poyankhula nawo ndinkayang'ana zala zanga zakumapazi.

Pa siteji anyamata a chipani anafunsa makhadi. Apongozi potulutsa lawo m'thumba la jekete anagwetsa makapisozi, aja ofiira kumutu, achikasu kumunsi. Anawatola, n'kuwauzira fumbi. Mankhwala amenewa ankawagula pa golosale ngati maswiti. Akadya m'lesitilanti, limodzi. M'mimba mukalira, limodzi. Akalandira a kuchipatala ankamwa mpaka apezeko bwino, otsalawo n'kugawira akazi awo, mnansi, ngakhale nkhuku ya chitopa. Ankati munthu wamkulu sadya yekha.

Basi yochokera ku Salima inafika dzuwa litakwera, mtengo wani kwacha twente aliyense. Ndinawakhazika pafupi ndi khomo, ine n'kukhala chakumbuyo monga mwa ulemu. Tisanapite patali anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinaimirira.

"Akondakitala, bambowa akufuna apitidweko mphepo."

"Atsegule windo," anatero kondakitala.

"Mphepo yake ndi ya kutchire."

Basi inaima. Inaimanso, n'kuimanso, mpaka mayi wina wa dengu la mpunga anatenga udindowo. Apongozi akangosuntha pampando, iye ankakuwa, "Imitsani, agogo apitidwe mphepo!"

Pa mlatho wa Chia ogulitsa nsomba anazinga basi. Ndinagula nthochi ndi chinangwa chophika, koma apongozi anakana. Atamva bambo wokhala nawo pampando akudandaula kuti m'mimba mukumupota, anapisa m'thumba.

"Imwani ili, akulu. Amenewa ndi amphamvu kwambiri."

Bamboyo analandira ndi manja awiri. Anayang'ana womupatsayo, maso olowa m'kati, milomo youma gwa, ndipo anameza.

Tinafika ku boma masana. Adokotala atafunsa mankhwala amene akhala akumwa, apongozi anawayala patebulo monyadira.

"Awa ndi omwe ndikanakupatsani," anatero adokotala. "Koma tizilombo ta m'mimba mwanu tinawazolowera. Mwakhala mukutilawitsa pang'onopang'ono osatipha, ndiye tangokhwima. Panopa mukameza kapisozi timangoti ndiwo zafika." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mankhwala oti angawachize atsala a mtundu umodzi, ndipo ndi ochepa. Amalize onse. Akadukiza, ine ndilibe ena."

Apa ndinachita mantha enieni. Mkazi wanga anandipatsa bambo ake amoyo, ndipo sindinkadziwa kuti ndikamuuza chiyani ndikabwerera ndi jekete lokha.

Anawagoneka m'wodi, ine pa simenti pambali pa bedi. M'mawa mwake namwino anawapatsa piritsi. Analiponya m'kamwa, anamwera madzi, anathokoza. Namwino atangotembenuka, analilavulira m'dzanja n'kulibisa m'chisoti.

"Bambo," ndinatero, maso ali pansi, "limenelo?"

"Amayi anu kunyumba nawonso m'mimba simuli bwino. Ndimwe ndekha ngati mfiti?"

Ndinagwada. Ndinati amayi ndidzawabweretsa kuno ndekha, adzalandire awo. Anangoyang'ana kudenga. Ndiye ndinachita chimene mkamwini sachita. Ndinawavula chisoti, ndinatenga piritsilo, n'kuwapatsa pamodzi ndi kapu ya madzi.

"Mezani, bambo."

Anameza.

"Yasamulani."

Mkulu wina wa bedi loyandikana anafunda bulangeti kumutu chifukwa cha manyazi. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayasamula. Ndinawauza kuti atukule lilime. Anatukula. Ndinachita zimenezi m'mawa ndi madzulo mpaka piritsi lomaliza, ndipo m'kamwa mwa apongozi anga ndinafika pomudziwa kuposa m'munda mwanga.

Pobwerera basi sinaime paliponse chifukwa cha ife. Apongozi sanandiyankhule njira yonse. Ine ndinkalingalira kuti kwathu timaphunzitsa mwana kugawana chilichonse, ndipo n'zabwino, koma mankhwala ukawagawa umadyetsa matenda a anthu awiri osachiza ndi mmodzi yemwe.

Titatsika pa Benga, mkazi wanga anatichingamira, dzanja lili m'chiuno chifukwa cha mimba. Apongozi sanadikire moni.

"Mwana wanga, mwamuna wakoyu kwawo sanamulere."

Mkazi wanga anayamba kulira. Mawuwo sanawamve n'komwe. Ankangoyang'ana bambo ake ataimirira okha, akufunsa ngati pakhomo pali chakudya.