Pampu ya alamu anga a Elifasi

Alamu anga a Elifasi a ku Nambuma, amene anandilanda mlongo wanga Faness, ndi munthu woyenda tsiku lonse osafika kulikonse. Chiyambire chaka cha njala chija, amadzukira kudimba kukakwera pampu yopondaponda. Mapazi amene aponda pamenepo akanakhala a pamsewu, bwenzi atafika ku Joni n'kubwerako katatu. Akatumba a m'miyendo yawo mutha kuswerapo mtedza.

Ine ndinagula pampu ya injini. Ndimangokoka chingwe, n'kukhala pampando pansi pa mango. Koma tikamapita kutchalitchi, wofika ali wefuwefu ndine, iwo akuimba nyimbo pachitunda. Chikhalirecho ndine wamng'ono kwa iwo! Zimenezi n'zoona, eti?

Ndiye mwana wawo Linda atabwera kuchokera m'tauni ndi injini yatsopano, mtima wanga unayera.

“Ababa, chipampu ichi chikuphani,” anatero Linda. “Ndikagulitsa kwa ogula zitsulo.”

“Gulitsa, mwana wa mlongo wanga,” ndinathira ndemanga. “Nawonso amere mimba ngati anzawo.”

A Elifasi anakumbatira pampu yawo ngati mkazi wachiwiri. “Kandipimitse kuchipatala kaye. Akakanena kuti ikundipweteka, itenge.”

Ndinapita nawo monga mboni, nditavala jekete.

Adokotala anawamanga pamkono kansalu kopopa ka makina opimira magazi, n'kumvetseranso pamtima. “Bambo, mumagwira ntchito yanji?”

“Amavina pachitsulo,” ndinayankha ine.

“Asasiye. Ntchito yopumitsa mwamphamvu imalimbitsa mtima, ndipo mitsempha ya magazi imakhala yofewa ngati paipi yatsopano. Munthu akangokhala, imayamba kuuma, magazi n'kumadutsa mokankhana.”

Linda anayang'ana pansi. Nkhani ikanathera pomwepo, koma a Elifasi, mfiti ya munthu, anandiloza. “Adokotala, tapimaninso paipi ya alamu angawa.”

Abale inu, makina aja analira ngati mbuzi yogwidwa m'munda. Manambala anakwera mpaka ndinaopa kuti atulukira padenga. Adokotala anati BP yanga yakwera, anandilembera mapiritsi, anandiletsa mchere wambiri, n'kundiuza kuti ndiziyamba pang'onopang'ono kugwira ntchito yotulutsa thukuta.

Injini ya Linda inabwerera m'tauni ili m'katoni yake. Pampu inatsala.

Lero m'mawa uliwonse mundipeza pachitsulo chomwecho, ndikuthirira tomato wa a Elifasi, iwo atakhala pampando wanga umene anachita kukautenga okha kwathu. Faness amangoseka ali pamzere wa mpiru. Ndikangoyamba kuzolowera, thukuta litafika m'makutu, mwini wake amaimirira n'kuvula malaya.

“Tsikani, alamu, zakwana. Mundithera mankhwala.”