Foni ya Asiya m'chaka cha njala

Asiya ankakhala m'mudzi wina kufupi ndi Nsanama, moyang'anizana ndi bwalo la sukulu. Mwamuna wake, Zuberi, anapita ku Joni chaka chimene mvula inadula chimanga chitangomasula, namusiya ndi ana atatu. Patapita miyezi anamutumizira foni yamakono kuti azilankhulana, koma njala inali itafika poti anthu ankawiritsa mango osakhwima. Bandulo ya intaneti sinali chinthu choti munthu n'kugula.

Bungwe lina linayamba kugawa chimanga ndi nandolo pabwalo la sukulu lija. Mmodzi wa ogawawo, a Joanna, anazolowera kupempha madzi akumwa kwa Asiya. Tsiku lina ataona foniyo, anailumikiza ku kabokosi ka intaneti kamene kankayenda m'galimoto yawo. Anamufotokozera kuti kabokosiko kamalengeza dzina lake kosalekeza, ndipo foni imakhala ikumvetsera. Ikamva dzina limene ikulidziwa, imalowa yokha. Anamuchenjezanso kuti kufufuzako kumadya batire, ndiye galimoto ikachoka azizimitsa kufufuzako pafoniyo.

Kuyambira pamenepo, tsiku logawa Asiya ankadzuka n'kutchajitsa foni kwa mnansi amene anali ndi magetsi a sola. Galimoto ikangoima pabwalo, mauthenga a mawu a Zuberi a mwezi wonse ankalowa motsatizana. Iye ankawamvera ali pamzere, thumba lili m'khwapa. Azimayi anzake amene amuna awo analinso ku Joni anayamba kumubwereka foniyo, aliyense n'kupita nayo kuseri kwa kalasi.

Mwezi wina panalowa uthenga umodzi wokha, ndipo mawu sanali a Zuberi. Anali a Salimu, mnzake wogona naye chipinda, kunena kuti Zuberi anagwa pa ntchito ya zomanga ndipo wathyoka mwendo. Asiya anachoka pamzere n'kukakhala pansi. A Joanna anauza dalaivala kuti adikire, ngakhale kugawa kunali kutatha, mpaka foni ya ku Joni italowa.

"Musabise, a Zuberi, mukutha kuimirira?" anafunsa Asiya.

"Iyayi, koma madokotala akuti ndiyenda."

"Mukangoyenda, bwerani. Zogwira zili konkuno."

Anthu akukolola, Zuberi anafika akutsimphina, wopanda katundu wambiri. Nthawi imeneyo bungwe linali litasiya kubwera. Khasu linkamuvuta, choncho kumunda kunakhala kwa Asiya, iye n'kumakonza njinga pansi pa mtengo pa msika wa Nsanama.