Mbale Imene Apongozi Anga Anaikana

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ana anga atakula kale. Asisitere amene anandiphunzitsa ku sekondale ndiwo anandiuza kuti chipatala china ku Ulongwe chikufuna mayi wodziwa kuwerenga, woti azigawa chakudya cha odwala shuga kukozinya, kophikira odwala.

Anandiphunzitsa ntchitoyo ndi enferimera, ndiye kuti namwino wamkulu, mayi Joakina. Theka la mbale linali la masamba, mpiru kapena chigwada. Pambali nyemba kapena dzira. Ndipo mtanda umodzi wa mgaiwa, wosaposa chibakera cha wodwalayo. Tsiku la kachewere nsima sinkakhalapo. Thobwa ndi mandasi sizinkaloledwa konse. Mayi Joakina ankati, "Amayi, chisoni chanu chisalowe m'chipande."

Tsiku lina anagonekedwa apongozi anga, bambo wa amuna anga, ali ndi bala losapola kuphazi. Kwathu mtengwa sayang'anizana ndi apongozi aamuna, ndipo kuwaomolera nsima yochepa ndi chipongwe. Ndinayeza monga mwa lamulo, ndi kupatsira alamu anga a Rozina, mlongo wa amuna anga, ine n'kuima kuseri kwa chitseko.

Ndinamva akuvundukula mbale. "Waomola izi ndi mtengwa wathu? Kachewere wanga akuwolera m'munda ku Domwe, ine ndizidya ngati wamasiye?"

A Rozina anatuluka. "Mlamu, onjezerani kamtanda. Mukutichititsa manyazi."

Ndinakana. Ndinawafotokozera kuti ufa woyera ndi kachewere zikachuluka zimakweza shuga m'magazi, bala n'kulephera kupola, ndipo ndinawapempha kuti akanene zomwezo. Iwo, poopa kuphunzitsa bambo awo kadyedwe, anangokawauza kuti, "Akuti ndi lamulo la kuno."

Apongozi sanakhudze mbaleyo. Anaitanitsa chikhoto chawo, nakakwera shapa, minibasi yopita kumudzi. Kumudzi anawalandira ndi thobwa ndi nsima yoyera, aliyense akupikisana kufafaniza chipongwe changa. Tisanakolole anabwerera nawo kuchipatala, ndipo mwendo unadulidwa pansi pa bondo.

Sanandidzudzulepo, komanso sanadyenso chophika changa kufikira imfa yawo.

Muyeso uja unali woona, ndipo lero ndingaubwereze. Chimene chimandiwawa n'chakuti unathera pakhomo la chipatala. Kuyambira pamenepo, wodwala asanaone mbale yake, ndinkayamba ndakhala pansi ndi amene amamuphikira kwawo, kuwagwiritsa chipande m'manja mwawo, kuti mtanda waung'onowo auomole okha.