Nsupa Inasweka pa Mlatho wa Mitengo

Chinali chaka chimene tinavotera nyali. Mvula inali itayamba. Ndinkapalira nzimbe ku Dwangwa.

M'mawa umenewo ndinkanola khasu pakhomo. Mfuti zinalira ku kampu ya anyamata a chipani. Asilikali anali atawafikira.

Mkazi wanga Esinati anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Anasenza thumba la ufa wa kondowole. Ine ndinanyamula mphasa ndi wailesi. Thumbalo sindinamulandire.

Msewu waukulu tinaupewa. Tinadzera m'minda ya chinangwa kulowera ku Kanyenda, kwa apongozi anga. M'njira tinakumana ndi amuna ovala malaya wamba koma nsapato za ku kampu. Sitinapatsane moni. Aliyense ankayang'ana mapazi a mnzake.

Pa mlatho wa mitengo Esinati anaima. Madzi anatsika m'miyendo mpaka kunyowetsa patapata. Nsupa inali itasweka, kutatsala miyezi iwiri.

Tinakafika kwa amayi ake movutikira. Kwathu apongozi sayang'anizana ndi mkamwini. Tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso. Za nkhondo sanafunse n'komwe. Pakati pakavuta, woyamba kukayikiridwa ndi mwamuna.

"Bambo, mwakhala mukuyenda kuti?"

"Ndi mfuti, mayi. Wadzidzimuka."

Ndinabwereka njinga. Ndinaikankha mpaka ku chipatala, Esinati ali pakaliyala, amayi ake atamugwira m'chiuno.

Namwino anafunsa mafunso motsatizana. Fodya amasuta? Ayi. Anaberekapo masiku asanakwane? Ayi, uyu ndi woyamba. Magazi anaonapo? Ayi. Nanga kuwawa pokodza, kapena kutuluka zonunkha? Esinati anawerama. Anati milungu itatu. Anabisa poopa kuti amayi ake aloza ine.

Namwino anati matenda otere amafooketsa nsupa. Anatchulanso mapasa ndi kusowa chakudya, koma maso ake anali pa ine.

Matendawo ndinali nawo miyezi iwiri m'mbuyomo. Ndinawatenga kwa mkazi wina tsiku la malipiro. Ndinagula makapisozi pa msika, ndinachira ndekha. Esinati sindinamuuze.

Ku chipatalako mfuti sizinkamveka. Tinali titapulumuka.

Mwana anabadwa mawa lake. Wamwamuna. Mwendo wake unali ngati chala changa. Anakhala ndi moyo masiku awiri okha. Amayi okhaokha anakamuika, asanapatsidwe dzina.

Esinati alipo. Anandiberekera ena anayi. Nkhaniyi sanandifunsepo.

Mfuti zinaleka pasanathe sabata. Ine ndinapitiriza kuzinamizira mpaka imvi.