Makutu a Bambo Daka

A Ezekiel Daka anabadwila ku Ndake, koma unyamata wao wonse unathela kumigodi, komwe ankakonza mainjini pansi pa nthaka. Dziko litalandila ufulu anabwelela kum'mawa, nakhazika galaji yao pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa msika wa Petauke. Anatchuka ndi makutu. Lole ikamabwela mumsewu wa ku Lusaka, iwo ankanena chimene chikuivuta isanaime n'komwe.

Koma phokoso la kumigodi lija linali litawadya makutuwo pang'onopang'ono. Pofika 1974, munthu akawalankhula cha kumbuyo ankangomwetulila n'kuti "inde." Sanaulule kwa aliyense.

Chaka chomwecho kunabwela amai Christabel Miti, namwino wamasiye, ndi kagalimoto kofiila ka mipando iwili, kopanda denga. Malemu amuna ao anakagula kwa mzungu wina wa zaulimi amene ankabwelela kwao, ndipo chimwalilile iwo kanangokhala m'shedi.

"Bambo Daka, kakamathamanga kali bwinobwino," anatelo amai Miti. "Koma ndikangoima, injini imakwela, kutsika, kunjenjemela, kenaka zii. Mailo kanandizimila pakati pa msika. Loweluka tikuika mwala pamanda a malemu ku Nyimba, ndipo ndifuna ndikafike ndi kagalimoto kao komweka."

A Daka anatsegula boneti nawelama. Maso ankaona injini ikugwedezeka, koma kulila kwake kunkawafika ngati kochokela pansi pa madzi. 

"Kasiyeni, amai. Mubwele mailo masana."

Anayamba ndi zimene maso amaona. Anatsuka mapulagi, anapemelela timapaipi ta petulo, anachuna makabuleta onse awili, zipangizo zosakaniza petulo ndi mpweya. Injini osasintha. M'mawa mwake anatenga chitsulo chachitali, nsonga anaigunditsa pa injini, mbali inayo naikanikiza pafupa la kuseli kwa khutu. Apo m'pamene anamva kuti ikupuma mobanika, ngati ikumeza mpweya wakuba. Anadonthezela petulo polumikizila makabuleta ndi injini. Atafika pa kabuleta yakumbuyo, injini inathamanga mwadzidzidzi. Gasiketi yotseka mpata pamenepo inali itauma n'kung'ambika, mpweya n'kumalowela pamng'alupo. Zipangizo zatsopano zinkasowa masiku amenewo, malile a kumwela kwa dziko ali otseka, choncho anadula ina pachikatoni cholimba naipaka gilisi.

Panatsala kuchuna kalilidwe ka injini galimoto ili chiimile, ntchito imene kale ankaichita maso ali chitsinzinile. Amai Miti anawapeza ataima chete, dzanja lili pa kabuleta.

"Amai, ndithandizeni," anatelo a Daka, maso ali pansi. "Ine sindikumva. Makutu anga anatha. Imani apa, muzindiuza mmene ikulilila."

Amai Miti anasendela pafupi ndi injini. Anaika chikwama pansi, nayandikila kukhutu kwa a Daka kuti azilankhula mokweza.

"Yathamanga kwambili, bambo."

A Daka anapotokola pang'ono kasikulu ka pa kabuleta.

"Tsopano ikufuna kuzima. Bwezani... bwezaninso... Basi! Pomwepo." Mau ao anasintha. "Ndi mmene inkalilila m'mawa uliwonse, malemu ali moyo."

Anakhala chilili onse awili, injini ikulila mwakachetechete, amai Miti akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Loweluka lija anakafika ku Nyimba kagalimoto osazima panjila.

Kuyambila pamenepo a Daka anasiya kubisa. Wobwela ndi injini yovuta ankamuuza poyela kuti apite kwa makaniko wina, iwo n'kutsala ndi mabuleki, masipulingi ndi mateyala. Magalimoto anachepa pansi pa mango paja, koma alimi a thonje anayamba kubwela ndi ngolo zao zothyoka, ena kuchokela kutali ku Sandwe. Ntchito imeneyo anaigwila mpaka manja atayamba kunjenjemela. Anamwalila m'dzinja la 1982, ndipo malilo ao ananyamulidwa pa ngolo imene anaikonza okha.