Ndinasinja mtondo wopanda kanthu

Apongozi anga a ku Vinthukutu sadya nsinjiro zogula. Amati mtedza uzisankha wekha, uzisinja wekha. Tsiku lomwe anabwera kudzationa ku Chilumba ndinaweruka kusukulu nditatheratu, ndiye ndinangogula kajumbo ka nsinjiro pamsika n'kukabisa m'chikwama.

Kuseri kwa khitchini ndinagwira munsi n'kuyamba kusinja mtondo wopanda kanthu, kuti iwo azimva ali pakhonde. Ine, mphunzitsi wamkuluwamkulu, ndinasinja mphepo mpaka thukuta kamukamu. Kenako ndinatendera chigwada ndi nsinjiro za m'jumbo zija.

Apongozi anadya mpaka mbale mbee. Atasamba m'manja anati, "Yewo, mwana wanga, ndiwo zakoma. Koma ulendo wina muziponyamo ngakhale chimanga. Mtondo wopanda kanthu umang'ambika, ndipo umenewo ndi wanga, ndinangokubwerekani."