Laputopu Imene Ndinabisa m'Thumba la Chimanga

Chaka chimene ahedi anandiuza kuti ndiziphunzitsa makompyuta, n'kuti nditaphunzitsa kusoka ndi kuphika kwa zaka khumi ndi zinayi pa sukulu ina ku Kanakantapa. Mphunzitsi wa makompyuta anali atasamutsidwa. M'chipinda chake munatsala makina asanu ndi atatu amene tinapatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo onse ankayendera pulogalamu yaulere yotchedwa Linux. Ine ndinkangodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa basi. Ndinaona kuti ndikapanda kukhala ndi laputopu yangayanga yophunzirirapo kunyumba, ana a giredi naini adzandiseka.

Mnzanga wosamutsidwa uja ndiye anandilangiza pafoni. Anati ndisatengeke ndi zonyezimira, ndifune yakale, yolemera, ya mtundu wa m'maofesi, chifukwa zoterozo sizilimbana ndi Linux. Anandiphunzitsanso kuika pulogalamuyo pa fulashi, kachipangizo kakang'ono kosungira zinthu kamene amalowetsa pa kompyuta.

"Mukafika pa shopu mulowetse fulashi, muiyatsire pamenepo," anatero. "Muyese mawu, muyese mabatani onse, muone ngati igwira intaneti. Ikakana chimodzi, muisiye."

Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka. Ogulitsa atatu anakana kuti ndilowetse fulashi yanga, ati ndiwabweretsera mavairasi. Wachinayi anali bambo wa tayi, wolankhula mofatsa, m'kashopu kopapatiza kuseri kwa ogulitsa nsapato. Anatulutsa laputopu yakuda, yokalika pang'ono pakona. Ndinalowetsa fulashi. Inayaka. Mawu anamveka, mabatani onse analemba, intaneti inagwira. Mtengo wake unali wotsika kuposa kwina konse, ndipo ine ndinangoti ndi mwayi wanga.

"Amai, iyi ni ya mu ofesi, tinachotsamo zonse," anatero bamboyo. Nditapempha lisiti, anang'amba pepala m'kope, n'kulembapo mawu awiri atatu, opanda chidindo.

Mawa lake titachokera ku tchalitchi ndinakhala pa tebulo la pabalaza. Ndinaiyatsiranso pa fulashi, n'kuilumikiza ku intaneti ya pafoni yanga monga ndinauzidwira. Ndisanayambe kuika pulogalamuyo, ndinaona kachizindikiro ka disiki ya m'kati, kumene kompyuta imasunga zinthu. Ndinangodinapo mwachidwi.

Munali modzaza. Munali zithunzi za ukwati, za ana awiri ovala yunifolomu, za mayi wina wovala zoyera za unamwino. Munali makalata, ndi chikalata china chachitali cha kafukufuku wa maphunziro a mayiyo, chokhala ndi mitu isanu. Ndinayang'ana tsiku limene anachikhudza komaliza. Panali patangopita milungu itatu.

Munthu sagulitsa laputopu ali pakati pa mutu wachisanu.

Ndinaitana amuna anga, amene ankathirira tomato kuseri kwa nyumba. Anayang'ana zithunzizo kwa kanthawi, akupukuta manja pa buluku.

"Ni yakuba iyi," anatero chapansipansi, ngati pali wina akumvetsera. "Waiika pa intaneti?"

"Eya."

"Zima! Amati zinthu izi zimaonetsa kumene zili."

Kaya n'zoona kaya ayi, sitinkadziwa. Chimene tinkadziwa n'chakuti chaka chathacho m'bale wina wa mumpingo mwathu anagona m'selo masiku atatu chifukwa cha foni imene anagula pamsewu. Iye ndi mlimi, anatuluka n'kubwerera kumunda kwake. Ine ndine wa boma. Nkhani ikangofika ku maofesi a maphunziro ku Chongwe, andiimitsa ntchito asanandifunse n'komwe.

"Nanga si unati pulogalamu yako ija imafufuta zonse?" anafunsa amuna anga. "Fufuta, tiiwale."

Ndinayamba. Ndinasankha chilankhulo, ndinasankha dziko. Kenako panabwera funso lakuti ndikufuna kufufuta disiki yonse kapena ayi, ndi chenjezo lakuti zofufutidwazo sizidzabwereranso. Chala changa chinaima pamwamba pa batani. Ndinkaopa apolisi, koma ndinayambanso kuopa china: ndikafufuta, ndiye kuti sindilinso munthu wopusitsidwa, ndamalizitsa ntchito ya wakubayo ndi manja anga. Ndinaizimitsa, ndinaikulunga m'chitenje, n'kukaikwirira m'thumba la chimanga m'kachipinda kosungiramo zokolola.

Masiku anayi otsatira ndinkangoyenda ngati wodwala malungo. Msewu wathu ndi wafumbi, galimoto imamveka ikadali kutali, ndipo iliyonse ndinkaimvetsera mpaka itapitirira. Lachiwiri ndili m'kalasi, galimoto yoyera inaima pafupi ndi ofesi ya ahedi, n'kutulukamo amuna awiri a masuti. Choko chinagwa m'manja mwanga. Mwana wina anandifunsa ngati ndili bwino. Anali anthu obweretsa mabuku.

Kunyumba tinasiya kulankhulana bwino. Amuna anga ankati ndiitaye m'chimbudzi. Ine ndinkangoona nkhope ya namwino uja. Lachinayi nditaweruka ndinaifukula, ndinaiyatsa popanda intaneti, ndipo m'kalata ina yofunsira ntchito ndinapeza nambala yake ya foni. Ndinailemba padzanja. Ndinapita kuseri kwa khola la nkhuku, ndinaimba, n'kudula isanalire. Kachitatu ndinalimba mtima.

"Halo, nindani?" anafunsa mawu a mzimayi.

"Amai, simundidziwa. Ndine mphunzitsi. Ndinagula laputopu m'tauni, ndiye ndapezamo zinthu zanu."



"Mwafufuta?" anafunsa.

"Ayi."

Ndinamva akupumira m'mwamba, kenako analira. Anati akuba anaphwanya galasi la galimoto ya mlamu wake masana, iye atangolowa m'sitolo. Kafukufukuyo anamulemba zaka ziwiri ndipo analibe kwina kumene anamusunga. Kenako mawu ake anauma. "Nkhani iyi ili kale ku polisi. Mubwere nayo mailo, tikumane komweko." Mailo lake limenelo linali mawa, Lachisanu.

Ndinauza ahedi zoona zokhazokha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kundipatsa chilolezo. Amuna anga, ngakhale anali okwiya, anavala jekete la ku tchalitchi n'kundiperekeza. Ine ndinavala zovala ziwiri m'kati ndi juzi, tsiku lotentha, poganiza kuti mwina ndikagona komweko. Mu minibasi chikwama chinali pamiyendo panga, ndipo pa lodibuloko wapolisi atasuzumira pawindo ndinachikumbatira.

Namwinoyo tinamupeza ataima pakhomo la polisi. Anali wamfupi kuposa m'zithunzi. Sanandipatse moni wa dzanja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinadziwa kuti sakudziwa ngati ndine wabwino kapena mnzawo wa akuba. Tinakhala pa benchi maola atatu. Wapolisi wamkazi anandifunsa mafunso omwewomwewo kangapo: ndinagula kuti, tsiku liti, chifukwa chiyani sindinakayikire mtengo. Anatenga kapepala kanga ka m'kope kaja, anakatembenuza, n'kupukusa mutu. Anandifunsanso za fulashi, ndipo ndinavutika kufotokoza kuti si chida chobera.

Masana anandikweza galimoto kuti ndikawaonetse shopu. Tinapeza muli mayi wogulitsa mawigi, amene anati malowo anangowalowa Lachitatu. Ndinaganiza kuti basi, tsopano anditsekera. Koma wapolisi uja anati wakuba saimbira foni mwini katundu. Anandisainitsa pepala, n'kundiuza kuti ndizipita, adzandiitana akandifuna.

Panja namwinoyo ananditsatira. Anati, "Zikomo, aphunzitsi," n'kundigwira pamkono pang'ono. Sitinaonanenso. Laputopu inatsala ku polisi, ndalama zanga zinapita, ndipo apolisi sanandiitanenso, ngakhale kwa miyezi ingapo nambala iliyonse yachilendo inkandidumphitsa mtima.

Teremu yonseyo ndinkaphunzirira pa makina a kusukulu, ana akaweruka. Patapita miyezi isanu ndinagula ina pa shopu yokhala ndi dzina pakhomo. Ndinapempha lisiti ya chidindo yolembedwa nambala ya makinawo, ndipo disiki ndinaitsegula wogulitsa akuona. Munalibe kanthu. Linux inalowa m'mphindi makumi atatu, koma mawu anakana kumveka. Ndinalimbana nayo milungu iwiri, kuwerenga malangizo pafoni, mpaka tsiku lina ndikuchonga makope inangolira mwadzidzidzi, moti amuna anga anataya tiyi pamphasa.